Utsi ndi Fumbi m'Mizinda Yathu: Chifukwa Chake Mpweya Umaipa Kwambiri Mvula Ikasiya

Ngati mumasamalira mwana wodwala mphumu, kapena inuyo muli ndi vuto la mtima kapena la m'mapapo, mwina munaona kale kuti matendawa savuta mofanana chaka chonse. Pali miyezi ina imene chifuwa chimabwera pafupipafupi, kubanika kumachuluka, ndipo maulendo a kuchipatala amawirikiza. Anthu ambiri amati n'chifukwa cha kuzizira, ndipo n'zoona kuti kuzizira ndi chimfine zimawonjezera vutoli. Koma pali chifukwa chinanso chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula yoyamba itagwa, mpweya wa m'mizinda ya kum'mwera ndi pakati pa Africa umakhala ndi utsi ndi fumbi lochuluka kuposa nthawi ina iliyonse pachaka. Mukadziwa miyezi ndi maola amene mpweya umaipa kwambiri, mukhoza kukonzekera wodwala wanu asanafike povutika.

Kodi tikupuma chiyani?

Utsi ndi fumbi ndi tizidutswa ting'onoting'ono timene timayandama mumpweya. Akatswiri amatigawa potengera kukula kwake. Tokulirapo amatitcha PM10, ndipo tambiri mwa timeneti timachokera ku fumbi la m'misewu, m'minda ndi pamalo omanga nyumba. Timeneti nthawi zambiri timakodwa m'mphuno, pakhosi ndi m'njira zikuluzikulu za mpweya, ndipo n'chifukwa chake timayambitsa kuyetsemula, kuyabwa kwa maso ndi kutsokomola.

Tochepa kwambiri amatitcha PM2.5. Kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, pangafunike kundandalika tizidutswa totere pafupifupi 30. Timachokera makamaka ku zinthu zoyaka: nkhuni, makala, malasha, dizilo, zinyalala ndi tchire. Chifukwa cha kuchepa kwake, timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tochepetsetsa timatha kufika m'magazi. Kumeneko timatupitsa mitsempha ya magazi ndi kuchititsa kuti magazi aziundana msanga. Choncho mpweya woipa suvulaza mapapo okha. Umawonjezeranso ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko.

Bungwe la WHO, loona zaumoyo padziko lonse, linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 4.2 miliyoni anamwalira msanga chifukwa cha mpweya woipa wa panja. Mu 2013, nthambi yake yofufuza za khansa inaika mpweya woipa wa panja m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Mu 2021 bungweli linakhwimitsa malangizo ake. Linati PM2.5 isapitirire mayikulogalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya tikawerengera chaka chonse, ndiponso isapitirire 15 tikawerengera tsiku limodzi. Malire akale, a mu 2005, anali 10 ndi 25. Malirewo anatsitsidwa chifukwa kafukufuku anasonyeza kuti ngakhale utsi wochepa umavulaza thupi ukamapumidwa kwa zaka zambiri.

Nyengo zitatu, mpweya wosiyana

M'mizinda monga Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Tete ndi Harare, chaka chimagawika m'nyengo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mpweya wakewake.

M'dzinja, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Epulo, mpweya wa panja umakhala woyera kuposa nthawi zina. Madontho a mvula amatenga tizidutswa tija n'kugwa nato pansi. Nthaka yonyowa siibuka fumbi, udzu wauwisi suyaka, ndipo mitambo ya mvula imakweza mpweya wa pansi m'mwamba. N'chifukwa chake mvula ikangogwa mumatha kuona bwinobwino mapiri akutali amene kwa miyezi ingapo anali obisika. Komabe m'nyengoyi mabanja ambiri amaphikira m'nyumba pothawa mvula, ndipo nkhuni zonyowa zimafuka utsi wambiri. Ngozi ya dzinja imakhala ya m'khitchini.

M'nyengo yozizira, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, mvula imasiya ndipo palibenso chotsuka mpweya. Anthu amasonkha moto kwa nthawi yaitali kuti aothe ndi kutenthetsa madzi osamba. Ino ndi nthawi imene ambiri amaotcha njerwa ndi kutentha zinyalala zouma. Chachikulu kwambiri n'chakuti m'nyengoyi utsi umalephera kukwera m'mwamba, monga tifotokozere m'munsimu.

M'chilimwe, kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka mvula itayamba, gwero lalikulu la utsi limakhala moto wa m'tchire ndi m'minda. Ena amatentha mapesi posadza minda, ena amatentha tchire posaka mbewa kapena pofuna kuti msipu uphuke. Moto wotere umayaka m'mayiko ambiri nthawi imodzi, kuyambira ku Angola ndi kum'mwera kwa Congo mpaka ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Utsi wake umayenda mtunda wautali kwambiri. M'chaka cha 2000, asayansi a kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000 anajambula utsi umenewu ukudutsa pamwamba pa chigawo chathu kulowera kunyanja ya Indian Ocean, ndipo anaufanizira ndi mtsinje. Choncho chifunga chotuwa chimene mumachiona mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa n'kumalowa lili psuu, mbali ina n'chochokera kutali ndi mzinda wanu. Pamwamba pa utsiwo, mphepo ndi akamvuluvulu a masana amabutsa fumbi m'misewu yopanda phula.

Chivindikiro chosaoneka

Mwachibadwa, mpweya wa pafupi ndi nthaka umakhala wofunda kuposa wa m'mwamba. Mpweya wofunda ndi wopepuka, choncho umakwera n'kutenga utsi kupita nawo kumwamba, kumene umamwazikana. Izi ndi zimene zimachitika masana dzuwa likatentha nthaka.

Usiku wa m'nyengo yozizira zinthu zimatembenuka. Kumwamba kumakhala kopanda mitambo, ndipo nthaka imataya kutentha kwake mofulumira. Mpweya wa pansi umazizira n'kulemera, pamene pamwamba pake pamatsala mpweya wofundirapo. Mpweya wofundawo umakhala ngati chivindikiro cha pamphika. Utsi wa mbaula, wa magalimoto ndi wa zinyalala umakwera pang'ono, n'kuima, n'kufalikira m'mbali pakati pa nyumba za anthu. M'miyezi imeneyi, pamwamba pa chigawo chathu pamakhalanso mpweya wouma umene umatsika pang'onopang'ono, ndipo umenewu umalimbitsa chivindikirocho ndi kuchepetsa mphepo.

Mukhoza kudzionera nokha. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi, imani pamalo okwera n'kuyang'ana kumunsi. Muona utsi utayala ngati nsalu pamwamba pa madenga, osakwera. Mpweya wozizira umatsetsereka kutsikira m'zigwa monga amachitira madzi, motero okhala m'mphepete mwa mitsinje, m'madambo ndi m'munsi mwa mapiri ndi amene amapuma utsi wambiri. Dzuwa likakwera, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, nthaka imafunda, chivindikirocho chimasweka, ndipo utsi umamwazika.

Apa m'pamene pali vuto lenileni. Maola amene chivindikirocho chimakhala cholimba, m'bandakucha ndi madzulo, ndi maola omwewo amene anthu amakoleza moto, ana amapita kusukulu, ndipo maminibasi amadzaza misewu. Utsi umatuluka wambiri panthawi imene ulibe kolowera.

Mphepo imasintha zinthu mbali zonse ziwiri. Ikaomba pang'ono imachotsa utsi, koma ikakula panthaka youma imabutsa fumbi. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, masiku a chiperoni amabweretsa mvula yowaza imene imagonetsa fumbi, komanso kuzizira kwake kumachititsa mabanja kulowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mawindo.

Zimene zinachitika kwina

Mu Disembala 1952, mzinda wa London unakutidwa ndi utsi wa malasha kwa masiku asanu. Kunali kozizira, kunalibe mphepo, ndipo chivindikiro chonga chimene tafotokozachi chinatsekera utsi pansi. Poyamba akuluakulu anawerengera kuti anthu pafupifupi 4,000 anamwalira, koma kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti mwina anafika 12,000. Ambiri anali okalamba ndi odwala m'mapapo kapena mtima. Zimenezi zinachititsa kuti mu 1956 dzikolo likhazikitse lamulo loletsa utsi m'mizinda.

M'chigawo chathu, dera limene mpweya wake wayezedwa kwambiri ndi la Highveld ku South Africa, kumene kuli Johannesburg ndi matauni a m'chigawo cha Mpumalanga. Derali n'lokwera, usiku wake wa m'nyengo yozizira ndi wozizira kwambiri, ndipo kuli malo ambiri opangira magetsi ndi malasha, mafakitale ndi migodi. Mabanja ambiri osauka amaothanso malasha. Makina oyezera mpweya kumeneko amasonyeza chaka ndi chaka kuti tizidutswa tija timachuluka kwambiri m'miyezi yozizira, makamaka m'mawa ndi madzulo. Boma linalengeza mu 2007 kuti mbali ina ya derali ikufunika chisamaliro chapadera pa nkhani ya mpweya. Mu Marichi 2022, khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti kuipa kwa mpweya m'derali kukuphwanya ufulu umene malamulo aakulu a dzikolo amapatsa anthu, wokhala pamalo osavulaza thanzi lawo. Ngati inu kapena abale anu mukukhala kumeneko, dziwani kuti zotsatira za makinawa zimafalitsidwa pa intaneti kudzera ku SAAQIS.

Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, fumbi lili ndi ngozi inanso. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma nthaka ya m'madera oyandikana nawo idakali ndi mtovu. M'nyengo youma mphepo imaulutsira fumbilo m'mabwalo ndi m'nyumba, ndipo ana aang'ono amalipuma kapena kulimeza akamasewera pansi. Mtovu umasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana.

Chilala ndi kuzima kwa magetsi

Mvula ya mu 2023 mpaka 2024 inavuta kwambiri chifukwa cha El Niño. Zambia inalengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse mu Febuluwale 2024, Malawi inalengeza za ngoziyi m'maboma 23 mwa 28 mu Marichi, ndipo Zimbabwe inachita chimodzimodzi mu Epulo. Madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri, ndipo ku Zambia magetsi ankazima maola ochuluka, m'madera ambiri kupitirira theka la tsiku.

Nkhaniyi inkakambidwa ngati ya njala ndi ya magetsi, koma imakhudzanso mapapo. Mvula ikasiya msanga, nyengo ya fumbi imatalika. Magetsi akazima, mabanja amene ankaphikira magetsi amabwerera ku makala, ndipo mashopu ndi maofesi amayatsa majenereta a dizilo pakati pa anthu. Choncho chaka cha chilala chimawonjezera utsi panthawi yomwe mvula yoti iutsuke ilibe. Mukamva a zanyengo akulosera mvula yochepa, yembekezerani kuti nyengo yovuta kwa wodwala wanu ikhala yaitali.

Mbaula yabwino payokha siyokwanira

Ku Malawi, mabanja opitirira 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Pachifukwa chimenechi anthu ambiri ankayembekezera kuti mbaula zamakono zichepetsa chibayo mwa ana. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana opitirira 10,000 osakwana zaka zisanu, anayesa zimenezi, ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016. Mabanja amene analandira mbaula zotulutsa utsi wochepa anachepetsa ngozi za kupsa ndi moto, koma chibayo mwa ana sichinachepe. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula n'chakuti anawo ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa moto wa anansi.

Phunziro lake n'lofunika. Mbaula yabwino, monga ya chitetezo, imasunga nkhuni ndipo ndi yothandiza, koma mpweya wa pamudzi ndi wa anthu onse. Banja limodzi silingauyeretse palokha.

Amene ali pangozi yaikulu

Ana aang'ono amapuma mofulumira kuposa akuluakulu ndipo mapapo awo akukulabe. Amayi oyembekezera amene amapuma utsi wambiri amakhala pangozi yobereka mwana wochepa thupi kapena wosakwana masiku. Okalamba, odwala mphumu, odwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amene akudwala kapena anadwalapo chifuwa chachikulu cha TB amavutika msanga mpweya ukaipa. Enanso ndi amene amagwira ntchito m'mphepete mwa msewu tsiku lonse, monga ogulitsa malonda, a kabaza ndi osesa m'misewu.

Zimene mungachite

Konzekerani nyengo isanafike. Mu Epulo kapena Meyi, pitani kuchipatala ndi wodwala mphumu kuti akamuone, ndipo onetsetsani kuti mankhwala opopera m'kamwa alipo okwanira. Ngati munapatsidwa mankhwala oteteza ogwiritsa ntchito tsiku lililonse, musawasiye poona kuti wodwala ali bwino. Pemphani a zaumoyo akuonetseni kapoperedwe koyenera, makamaka kwa mwana. Onetsetsaninso kuti mwana walandira katemera yense wa pa msinkhu wake, kuphatikizapo woteteza ku chibayo.

Sankhani bwino maola. M'nyengo yozizira, ntchito zolemetsa za panja ndi masewera olimbitsa thupi ndi bwino kuzichita dzuwa litakwera, utsi wa m'mawa utamwazika. Mu Seputembala ndi Okutobala, pewani malo a fumbi masana mphepo ikakula. Ngati pali njira ina yopitira kusukulu kapena kumsika, sankhani yotalikirana ndi msewu waukulu wa magalimoto.

Pa nkhani ya mawindo, yang'anani kumene utsi ukuchokera. Ngati ukuchokera panja, tsekani mawindo a mbali imeneyo mpaka utatha. Ngati moto uli m'nyumba, tsekulani mawindo ndi chitseko ngakhale kunja kukuzizira.

Kolezerani mbaula panja mpaka makala atayaka bwino. Musagone ndi mbaula m'chipinda. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndipo sununkha, ndipo chaka chilichonse m'nyengo yozizira anthu amafera kutulo chifukwa cha umenewu. Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru ali pafupi ndi mbaula, mutulutsireni panja msanga n'kupita naye kuchipatala.

Gwiritsani ntchito nkhuni zouma. Musakolezere moto ndi majumbo, zidutswa za matayala kapena mapulasitiki ena, chifukwa utsi wake uli ndi poizoni wambiri. Ngati pali wina woti akugwirireni mwana, musamubereke pophika. Wazani madzi pang'ono musanasese pabwalo, ndipo m'nyumba kolopani m'malo mosesa pouma. Masamba ndi zotsala za zakudya zikwirireni m'dzenje kuti zisanduke manyowa. Osuta fodya asasutire m'nyumba kapena pafupi ndi wodwala.

Masiki ya nsalu imatchinga fumbi lokulirapo koma siitchinga bwino PM2.5. Imene imathandiza ndi ya mtundu wa N95 kapena FFP2, ikagwira bwino kumaso popanda mipata. Musaveke masiki mwana wosakwana zaka ziwiri, ndipo amene ali ndi vuto lalikulu la kupuma ayambe wafunsa kuchipatala.

Lembani masiku amene wodwala wavutika, nthawi yake, ndi mmene kunja kunalili: utsi, fumbi kapena kuzizira. Tengani zimene mwalembazo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Zidzathandiza dokotala kuona chimene chimadzutsa matendawo ndi kusintha mankhwala panthawi yake.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Kwa mwana, werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee. Akupuma mofulumira ngati akupuma ka 60 kapena kuposa ali wosakwana miyezi iwiri, ka 50 kapena kuposa ali wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kapena kuposa ali wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire ngakhale pang'ono ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, ngati wafooka kwambiri, wakomoka, kapena milomo yake yasintha mtundu.

Kwa wamkulu, thamangirani kuchipatala ngati akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha kubanika, ngati mankhwala opopera sakuthandiza, ngati akumva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kapena ngati nkhope yapotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena akulankhula mosamveka. Aliyense amene watsokomola kwa masabata awiri kapena kuposa akayezetse TB. Musangoti ndi fumbi.

Udindo wa tonse

Zambiri mwa zimene zimaipitsa mpweya sizingathe ndi khama la banja limodzi. Kutolera zinyalala kuti anthu asamazitenthe, kuthira phula m'misewu ya m'madera okhala anthu ambiri, kuyeza utsi wa magalimoto, kutsitsa mtengo wa gasi ndi magetsi ophikira, zonsezi ndi ntchito za makhonsolo ndi maboma. Kupatula South Africa, mizinda yambiri ya m'chigawo chathu ili ndi makina ochepa oyezera mpweya, ndipo anthu sachenjezedwa tsiku limene mpweya waipa monga amachenjezedwera za mvula yamkuntho. Nkhani zimenezi n'zoyenera kuzifunsa pamisonkhano ya chitukuko, kwa makhansala ndi ku komiti za zaumoyo za pachipatala chanu.

Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku la 7 Seputembala kukhala lokumbukira mpweya woyera, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2020. Kwa ife tsikuli limafika pakati penipeni pa nyengo ya moto wa m'tchire. Ndi nthawi yabwino yoti mafumu, mipingo, mizikiti ndi masukulu agwirizane zinthu zotheka, monga kuleka kutentha zinyalala madzulo pamene utsi sungakwere, ndiponso kukwirira mapesi m'munda m'malo mowatentha. Ngati pakhomo panu pali wodwala, auzeni anansi anu mwaulemu, ndipo apempheni kuti azikudziwitsani asanayatse moto waukulu kuti mumuchotse pafupi kapena mutseke mawindo.